Khomo la chipinda chachinayi liyang'ane kuti?

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndiye mundipirire, poti ine ndine wa pamsika. Ndimagulitsa mpunga, nyemba ndi matemba pa Balaka pano. Katundu ndimakapikula ku Machinga, cha ku Ntaja ndi ku Nsanama, nthawi zina mpaka kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Nkhani yanga ndi ya pulani ya nyumba. Sikuti ndikuphunzitseni kuyeza fawundeshoni ayi, zimenezo amadziwa ndi amisiri. Ndikufuna tithandizane kuganiza pa funso limene latisowetsa mtendere ine ndi bambo a kunyumba kwa miyezi ingapo: munthu ukamamanga nyumba, kodi uli ndi ngongole ya malo kwa anthu amene sukukhala nawo lero, amene mwinanso sadzabwera n'komwe? Ndipo ngati ngongoleyo ilipo, malowo uwaike pati?

Puloti tinagula zaka zinayi zapitazo, kunja pang'ono kwa tauni, ndi ndalama za ku banki mkhonde kuphatikiza zimene bambo amapeza pa ntchito yawo yowotcherera zitsulo. Tili ndi ana atatu, atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi, ndipo chikwatirane takhala tili pa lendi. Pano tili m'nyumba ya zipinda ziwiri, chimbudzi ndi bafa ndi za mabanja anayi. Amene munakhalapo pa lendi yotere mukudziwa: m'mawa umaima ndi ndowa yako kudikira mwana wa eni amalize kuimba m'bafa, kumsika makasitomala akukudutsa.

Tsiku lokajambula, mmisiri anabwera ndi tepi, chingwe ndi zikhomo. Anayamba kulemba pansi ndi kamtengo, kenako n'kuwaza phulusa m'mizeremo kuti tione bwino. Apa pabalaza, apa chipinda chanu, apa cha atsikana, apa cha mnyamata, apa kolido, apa khitchini. Bambo anapempha zinthu ziwiri basi: balaza lalikulu, komanso chipinda chathu chikhale self-contained, chimbudzi ndi bafa mkati momwemo. Ine ndinapempha khitchini ya mkati ndi kachipinda kosungiramo matumba a mpunga. Zonse zinakwana paphulusa paja. Ana ankathamanga m'zipinda zopanda makoma, wina n'kumakuwa kuti musaponde pabedi panga. Tinasangalala ndithu.

Pobwerera m'pamene ndinafunsa. "Nanga amayi akabwera azigona pati?"

Bambo anati, "Amayi ake ati, anu kapena anga?"

Ndinati, "Aliyense."

Anati, "Mlendo ndi mame. Agona ndi atsikana masiku awiri, n'kumapita."

Ndinati, "Mame aja a chaka cha Freddy anakhala miyezi ingati?"

Sanayankhe. Tinayenda chete mpaka kunyumba, ndipo apo ndi pamene nkhani inayambira.

Pajatu chipinda chachinayi sichimera ngati bowa. Chaching'ono chomwe, cha mamita atatu mbali zonse, chimafuna njerwa zake, matumba ake a simenti, mchenga, malata, mitengo ya denga, felemu ya chitseko ndi windo. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ndalama imene tinasunga ya denga lonse inangokwana theka ndi pang'ono. Thumba lathu linali la zipinda zitatu. Kuti pakhale chachinayi, china chake chimayenera kufa: kaya self-contained ya bambo, kaya khitchini yanga, kaya balaza lichepe.

Ndikuuzeni chifukwa chake funsoli linandigwira pakhosi. Ine kwathu ndi cha ku Utale. Nditasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, kunali kutali ndi kumudzi, ndiye ndinakakhala kwa achibale ena m'tauni. Sindiwatchula, poti anandichitira zabwino, ndipo popanda iwo sindikanafika Fomu 4. Nyumba yawo inali yabwino, ya malata, ya zipinda zitatu. Koma ine malo anga anali pabalaza. Mphasa yanga inkakhala kuseri kwa sofa, zovala m'jumbo lalikulu pakona. Usiku ndinkadikira kuti aliyense atope ndi TV ndipo ndiyale. Kukabwera alendo n'kumacheza mpaka 11 koloko, ine ndinkasinza pa mpando wa kukhitchini, kope lili m'manja. M'mawa ndinkadzuka ndisanakhute tulo kuti ndipinde mphasa anthu asanayambe kudutsa. Zaka zinayi zonse. Mtsikana wa zaka 15, 16, wopanda chitseko choti atseke akafuna kusintha zovala. Amayi a m'gulu muno mukumva zimene sindikunenazi, makamaka masiku ena a pamwezi.

Palibe anandimenyapo, palibe anandimanapo nsima. Koma nyumba ija inkandiuza tsiku ndi tsiku kuti iwe sunali m'maganizo pamene tinkajambula. Kuseri kunali boyizi kota ya zipinda ziwiri, koma munali alendi, poti ndalama ya lendiyo ndi imene inkalipira madzi ndi magetsi. Pano ndakula, ndimawamvetsa. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti eni nyumba atha kukulandira ndi manja awiri, makoma awo n'kumakukana.

Tsono ndisakhale ngati woweruza mlandu wake womwe. Bambo a kunyumba si munthu wouma mtima, ndipo mfundo zawo ndi zolemera. Iwo kwawo ndi ku Machinga. Balaka ndi Machinga linali boma limodzi mpaka 1998, ndipo mwambo wa kwawo ndi wa kwathu ndi umodzi: mwamuna amakakhala kwa mkazi. Anakula akuona bambo awo, mkamwini, akumanga pa malo a eni, akudziwa kuti zinthu zikadzavuta adzachoka ndi bulangete lokha. Iwonso chikulire sanakhalepo m'nyumba imene anganene kuti muno ndiye mwanga. Puloti yathuyi si ya kuchikazi kapena kuchimuna, palibe chikamwini, palibe chitengwa, tinagula. Ndiye anati, "Mayi a ana, aka n'koyamba kukhala ndi malo oti ndipumepo. Tisanaike n'komwe njerwa imodzi, mukufuna tiitaniretu mudzi wonse?" Za chimbudzi cha mkatinso sindinganene kuti ndi matama. Munthu amene wakhala pa mzere wa bafa zaka 13, amene amaweruka thupi lonse lili mwaye, kulota bafa lakelake si tchimo.

Amayi anzanga a pamsika ndiye anasonkhezera moto. Wina anati chipinda chopanda munthu chili ngati benchi lopanda katundu, wina amadzaikapo tomato wake basi. Abale akangomva kuti kuli malo amabwera mondondozana: wofuna ntchito, wothawa banja, mwana wovuta amene akuti akawongokere kutauni. Walira mvula walira matope. Wina anati mabanja ambiri amene iye akuwadziwa sanathe ndi chibwenzi ayi, anatha ndi mlamu wa m'nyumba, wowerenga nthuli za nyama m'mbale n'kukanena kumudzi. Wachitatu anandikumbutsa kuti ndili ndi atsikana awiri, ndipo si mwamuna aliyense wachibale amene ungamugoneke moyandikana ndi ana ako aakazi. Wachinayi, mayi wamasiye, ananena chimene chinandiopsa kwambiri: m'bale wa mwamuna amene unamusunga ndi amene amadziwa pokhala mapepala a nyumba tsiku la maliro. N'zoona kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu. Koma ndani amafuna kuyenda kukhoti misozi isanaume?

Ine mwini, monga wa geni, ndimadziwa kuti ndalama yogona ndi ndalama yakufa. Ndalama ya chipindacho nditaiika mu mpunga nthawi yokolola, pofika Januwale yabereka. Chipinda chongodikira sichibereka kanthu. Ndipo pali chilungamo china chimene sitiyenera kuchibisa: ana anga atatuwa ndiwo ngongole yanga yoyamba. Kuwamana fizi chifukwa chomangira mlendo amene sanabwere kungakhale kufuna kutamandidwa chabe.

Ndikanagonja pa mfundo zimenezi pakanapanda zimene ndinadzionera mu 2023. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi, anthu opitirira 600,000 anasowa pokhala kuchigawo chakummwera. Ambiri timakumbukira za ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, koma ku Machinga nakonso nyumba za zidina zinagwa. Ina mwa izo inali ya apongozi anga, amayi awo a bambo. Mvula inanyowetsa khoma mpaka linangokhala pansi. Mwamwayi anatuluka amoyo. Tinakawatenga, n'kukhala nafe miyezi isanu m'nyumba ya lendi ija.

Anagona pabalaza. Mayi wamkulu, wa miyendo yotupa, pa mphasa kuseri kwa mpando, chimodzimodzi ine ndili Fomu 1. Ndinkawaona akudikira ana amalize homuweki kuti ayale. Sankadandaula. Ankangoti, "Apongozi, musavutike nane, ine ndi wa paulendo." Ndipo ndivomere pano pagulu: masabata oyamba ndinali mkazi wabwino. Pofika mwezi wachitatu ndinayamba kuwerenga makala, kuwerenga shuga, kumenyetsa mbale. Sikuti anandilakwira. Kungoti tinkapondana, panalibe amene anali ndi pobisala. Ine ndi bambo ngakhale kukangana timachita monong'ona ngati akuba. Anabwerera kumudzi nyumba yawo yatsopano isanaume bwino, ndipo ndikudziwa kuti chimene anathawa ndi nkhope yanga. Mpaka lero zimandiwawa.

Apa ndi pamene ndinasiyana maganizo ndi anzanga a pamsika. Iwo amati ukapanda kumanga chipinda abale sabwera. Ine ndaona kuti chimene chimabweretsa abale ndi mavuto: khoma lagwa, achemwali amwalira asiya ana, sukulu ili kutali, adokotala ati muzibwera sabata iliyonse. Mavuto amenewa safunsa kuti pulani yako ili ndi zipinda zingati. Ndipo ambiri a ife tikamva kugogoda usiku, sitibweza. Timang'ung'udza, koma timatsegula. Ndiye kulandira tidzalandira ndithu. Chimene pulani imagamula n'chakuti tidzamulandira ngati munthu, kapena ngati katundu woikizidwa pakona.

Chifundo cha pakhomo chimatengera mtima wa tsikulo. Lero wagulitsa bwino, ukuseka. Mawa matemba anyowa, walusa. Ine mtima wanga ndinauona, sindiudaliranso. N'chifukwa chake ndikuti nthawi yabwino yochitira m'bale chifundo ndi pamene sanabwere, pamene mizere ikadali ya phulusa ndipo mutu uli wozizira. Njerwa sizisintha maganizo. Chitseko chimene ungamuikire lero chidzamuteteza kwa iwe wemwe tsiku limene udzatope naye, ndipo iwenso chidzakuthandiza kuti usatope naye msanga.

Nanga ngongole imene ndinatchula poyamba, ndi ya ndani? Anthu amene anandisunga aja safuna chipinda kwa ine. Ana awo anakula, ali pabwino. Sindingawabwezere mphasa ija. Akuluakulu amati kupatsa ndi kuika, ndipo kale ndinkamva ngati akutanthauza kuti amene wamupatsa adzakubwezera. Pano ndikuona kuti chimene anaika mwa ine achibale aja, wodzatenga ndi wina, mwina mwana amene sanabadwe n'komwe. Tiyeni tiwerengane m'gulu muno: ndi angati amene tinafika pamene tilipa osagonapo m'nyumba ya mwini? Wina kwa atsibweni ali pa sukulu, wina kwa azakhali akufuna ntchito ku Limbe, wina kwa mnzake wa achimwene atangofika ku Joni. Dziko lathuli lilibe nyumba zosungirako okalamba zokwanira anthu, malo ogona a pa sukulu ndi ochepa, lendi ndi yodula. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mphasa za pabalaza. Tonse tinadyapo. Ndiye munthu ukafika pomanga, n'kujambula ngati unagwa kumwamba wekha ndi ana ako, pamenepo pali kuiwala.

Mapulani ambiri amene amisiri amationetsa pa foni, otengedwa pa intaneti, ndi a bambo, mayi ndi ana basi. Ndi okongola, koma anajambulidwira anthu ena. Ndipo poyenda m'midzi kukapikula katundu ndimaona nyumba zina zazikulu zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, malata owala, zitseko zachitsulo, maloko akuluakulu, mkati mulibe munthu, mayi wa mwini nyumbayo akugona m'kanyumba ka udzu pambali. Sindiweruza, aliyense ali ndi zifukwa zake. Koma zimandikumbutsa kuti kukula kwa nyumba ndi kukhala ndi malo a munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Patapita masabata angapo bambo anafewa. Anati, "Chabwino, ndalama zikadzapezeka tidzamanga boyizi kota kuseri." Mmisiri analoza ndi malo ake: kumbuyo, mbali ya kumadzulo, pafupi ndi chimbudzi chokumba ndi dzala. Poyamba ndinaona ngati ndapambana. Kenako tsiku lina ndinakaima pamalopo cha m'ma 3 koloko masana. Amene mumadziwa kutentha kwa Balaka ndi Liwonde mu Okutobala ndi Novembala mukudziwa chimene khoma la kumadzulo limachita: limamwa dzuwa masana onse n'kumalisanza usiku. Khomo likanayang'ana kumpanda. Wokhala mmenemo sakanaona amene walowa pageti, sakanamva kuseka kwa pakhonde, nsima ikanamamupeza konko. Dzina lomwelo limanena zonse. Boyizi kota inachokera ku nyumba za atsamunda, ku Zomba ndi ku Blantyre, kumene kuseri ankamangako tinyumba ta antchito, abambo a imvi amene ankaitanidwa kuti boyi. Inamangidwa kuti munthu akhale pafupi pomutuma, koma patali pomuona. Kodi ndi malo oikako mayi amene anakubereka?

Ndinati ayi, chipindacho chikhale mkati, mu kolido momwemo. Apa bambo anandibweza ndi mfundo imene ndinaivomera. Anati, "Kodi kumudzi anganga ankagona nyumba imodzi ndi mkamwini?" Zoona, ayi. Makolo athu sankaunjikana pansi pa denga limodzi. Anyamata akasinkhuka ankapita ku mphala kapena ku gowelo, atsikana kukuka kwa agogo, banja lililonse kanyumba kake. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankapatukirana ngakhale panjira. Tangoganizani amayi anga akukumana ndi mkamwini wawo mu kolido, iye thaulo lili m'chiuno, onse akulowera kuchimbudzi chimodzi. Amayi angalolere kupirira mpaka kuche. Ndiye kumuika munthu wamkulu m'katikati mwa nyumba nakonso kutha kukhala kumuzunza. Nyumba ya mwini saotchera mbewa: sangamasuke kulandira anzake, kutsokomola usiku, kapena kudzuka 4 koloko monga anazolowera. Ndipo mawu a mnzanga aja okhudza atsikana anandibwereranso. Wodzakhala m'chipindacho sadzakhala agogo nthawi zonse. Tsiku lina adzakhala mnyamata wa zaka 19.

Nanga tsono kusiyana kwa kukuka ndi ku boyizi kota kuli pati, poti konseko ndi kugona padera? Ndinaganiza masiku angapo ndili pabenchi panga, ndipo yankho ndinalipeza pokumbukira mudzi wa anganga. Tinyumba tonse tija, ngakhale tinali totalikirana, makomo ake ankayang'ana pabwalo limodzi. Potuluka m'mawa aliyense ankaonana ndi aliyense. Mtondo unali pamenepo, moto wa madzulo pamenepo, mphasa ya nkhani pamenepo. Munthu anali ndi pobisala, komanso akatuluka ankatulukira pakati pa anthu. Boyizi kota imakupatsa pobisala n'kukuchotsa pakati pa anthu. Pabalaza pamakuika pakati pa anthu n'kukumana pobisala. Ine ndinalawapo chimodzi, china ndinatsala pang'ono kulawitsa apongozi anga. Munthu amafuna zonse ziwiri, ndipo chimene chimagamula ndi kumene khomo lake layang'ana.

Tinabwereranso kupuloti ndi phulusa lina. Chipinda chachinayi tachiika kutsogolo, mbali ya kummawa, cholumikizana ndi nyumba yaikulu, denga limodzi. Khomo lake likutulukira pakhonde, khonde lomwelo limene khomo la pabalaza likutulukira. Wokhalamo atha kulowa ndi kutuluka osadutsa pa zipinda za ana, koma akangotsegula chitseko ali pakati pathu. Khondelo talikulitsa, poti kuno theka la moyo timakhala panja, komanso Freddy anatiphunzitsa kuti khonde ndi denga lotuluka bwino zimateteza khoma ku mvula. Chimbudzi ndi bafa za panja taziika poti afikeko mosavuta, popanda masitepe, poganizira miyendo ya okalamba.

Mtengo wake talipira tonse. Balaza lachepa ndi mita imodzi. Self-contained ya bambo sinafe, yangogona: malo ake tasiya, mapaipi tidzaika m'tsogolo. Chinawathandiza kuvomera ndi kukumbukira 2018, damu la Mpira litauma, pamene a zimbudzi zamadzi pa Balaka ankasirira ife a zokumba. Ine ndataya kachipinda ka mpunga, ndipo khitchini ikhala ya panja, moyandikana ndi khonde. Kunena zoona ya mkati ija ndinkangoisirira kwa anzanga. Chophikira changa ndi mbaula, ndipo utsi wa makala sugwirizana ndi siling'i.

Panatsala msampha umodzi. Chipinda cha khomo lakelake chimakopa lendi. Bambo anali atayamba kale kuwerengera kuti mphunzitsi angamalipire zingati pamwezi. Ine ndinakumbukira boyizi kota ija yodzaza alendi, ine ndili pa mphasa. Ndalama ya lendi ukangoizolowera imalowa m'bajeti, ndipo tsiku limene amayi adzafike udzapeza kuti mlendi ndi wovuta kumuchotsa kuposa mayi ako kuwagoneka pansi. Tagwirizana kuti pamene mulibe munthu muzikhala matumba anga a mpunga. Thumba sulipatsa notisi, ulitulutsa madzulo amodzi. Potero ndalama sinagone kwenikweni, ndipo malo sanagulitsidwe.

Taikanso malire, chifukwa anzanga aja sananame. Mapepala a puloti ali m'maina a tonse awiri. Chipindacho ndi chimodzi, si cha aliyense wofuna kudzaona tauni. Wolowamo tizivomereza tonse awiri, ndipo wa mphamvu zake tizimuuza poyera tsiku lolowa kuti akhala mpaka liti. Wokalamba, wodwala ndi mwana wa sukulu ndiwo oyamba. Ena adzatinena kuti ndife ouma, tikudziwa. Koma kulandira aliyense mpaka banja kupasuka nakonso ndi kulakwira anthu, kungoti olakwiridwawo ndi a m'nyumba mwako.

Sindikunena kuti aliyense amange zipinda zinayi. Ambiri m'gulu muno mwina muli monga ndakhalira ine zaka zonsezi, chipinda chimodzi kapena ziwiri ndi nsalu yotchinga pakati. Amene wasunga m'bale pa mphasa chifukwa ndi pokhapo pamene ali napo wachita zazikulu kuposa ine. Ndikunena za ife amene tafika poti tisankhe. Balaza lalikulu timamangira alendo a maola awiri, anthu amene ali ndi kwawo kogona, kuti akanene kuti akuti amanga. Kachipinda kaja timamangira munthu amene sadzatitamanda kwa aliyense, amene mwinanso adzatitopetsa. Mita imodzi ija ukaipereka kwa uyu, wamulanda uyo. Pamenepo ndi pamene mtima wa womanga umaonekera, kuposa zonse zimene anganene pa maliro kapena pa ukwati za kukonda abale.

Funso limene sitinalithe ndi la bambo lija: amayi ake ati? Onse awiri ali moyo, onse akukalamba, wina ku Utale, wina ku Machinga. Mwambo wathu umati mayi amasamalidwa ndi mwana wake wamkazi, ndiye amayi anga njira yawo ndi yowongoka. Koma apongozi anga ana awo aakazi, mmodzi anatisiya, wina ali ku Joni. Tsiku limene onse adzafune chipindacho nthawi imodzi, kaya tidzatani. Mwina adzagona limodzi n'kumatinena usiku wonse. Pakadali pano tangoti chipindacho chisakhale ndi dzina. Ndi cha amene adzayambe kuvutika.

Nyumba yafika pa mawindo, ikudikira ndalama ya mpunga wa chaka chino. Sabata yatha ndinapita ndi mwana wanga wamkulu kukathirira makoma. Anaima pa khomo la chipinda chachinayi n'kufunsa, "Amama, muno muzigona ndani?" Ndinati sitinadziwe. Anati, "Ndiye mukumangiranji?" Ndinakhala naye pa mulu wa njerwa n'kumuuza za mphasa ya kuseri kwa sofa, nkhani imene ndinali ndisanamuuzepo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati windo la mmenemo likhale lalikulu, poti agogo saona bwino.

Inu amene munamanga kale, khomo la m'bale wanu linayang'ana kuti, ndipo zikuyenda bwanji? Inu amene munasunga abale n'kupsa nazo, ndiuzeni pamene ndikudzinamiza, poti njerwa zikadali zosapaka pulasitala. Ndipo inu amene munakulira pabalaza pa eni ngati ine, mukanakonda akanakuchitirani chiyani? Ndathamangira kukatsegula benchi, tionana madzulo.